Zakudya za GMO m'misika ndi m'masitolo a ku Mzuzu: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya zakudya za GMO siikhalitsa osabuka mu Mzuzu muno. Imabuka chimanga chikasowa n'kumveka zoti china chikuchokera kunja, imabukanso wina akaponya pa WhatsApp chithunzi cha tomato wamkulu modabwitsa n'kulembapo kuti tisamale. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ogula amafunsa kawirikawiri, makamaka pa zolembedwa pamapaketi komanso pa nkhani ya amene amaonetsetsa kuti chakudya chotere sichivulaza munthu.

Kodi GMO n'chiyani kwenikweni?

Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo a chibadwa chake, amene asayansi amawatchula kuti DNA. Malangizowa ndi amene amachititsa kuti chimanga china chikhale cholimba posinja, china chofewa, china chocha msanga. Mbewu ya GMO ndi imene asayansi ailowetsera kachidutswa ka DNA mu labotale, nthawi zambiri kochokera ku chamoyo china chimene sichingakwatirane ndi mbewuyo m'munda.

Zambiri zimene zikulimidwa padziko lapansi ndi za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa Bt. M'dothi muli kachilombo kotchedwa Bacillus thuringiensis kamene kamapanga puloteni yopha mbozi zina, ndipo malangizo opangira puloteniyo akaikidwa mu chimanga kapena thonje, mbozi ikadya tsamba imafa. Mtundu wachiwiri ndi wa mbewu zosafa ndi mankhwala ophera udzu a glyphosate, moti mlimi amapopera munda wonse, udzu n'kuuma, mbewu n'kutsala. Chakudya choyamba cha GMO kugulitsidwa m'sitolo chinali tomato wa Flavr Savr ku America mu 1994, koma sanakhalitse pamsika. Lero mbewu zikuluzikulu za GMO ndi soya, chimanga, thonje ndi canola (mbewu yoyengera mafuta).

Ndiye chimanga cha haibulidi chimene timagula kwa ogulitsa zipangizo zaulimi si GMO?

Ayi. Kanyani, Mkango, Njovu, mbewu za DK ndi za MH zimene zikugulitsidwa m'dziko muno ndi za haibulidi, kutanthauza kuti anakwatitsa mitundu iwiri ya chimanga pogwiritsa ntchito mungu, monga zimachitikira m'munda. Kubwerera m'mbuyo kwa zokolola mukabzalanso mbewu ya haibulidi chaka chachiwiri ndi khalidwe la haibulidi aliyense, si umboni wa GMO.

Chimodzimodzinso chimanga cha olenji ndi mbatata ya olenji zimene alangizi amalimbikitsa chifukwa cha vitamini A: zinapangidwa posankha ndi kukwatitsa mbewu. Nkhuku zoyera zija zimene zimakula m'milungu isanu ndi umodzi nazonso si za GMO. Ndi mtundu umene anthu akhala akuusankha kwa zaka zambiri, kuphatikiza chakudya chambiri ndi kusayendayenda. Mukhoza kusaikonda nyama yake, ambiri timati siifika pa ya lokolo, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mumsika waukulu wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa, n'chiyani chimene chingakhale cha GMO?

Pa zakudya za m'munda zimene mumaziona pamenepo, yankho n'lakuti palibe chimene muyenera kuchikayikira. Tomato ndi anyezi wa ku Jenda, mpunga wa ku Karonga, chinangwa ndi nthochi za ku Nkhata Bay, nyemba, kachewere, masamba, zonsezi zimachokera ku mbewu wamba. Chimanga chodzera pa Songwe kuchokera ku Tanzania, kapena chochokera ku Zambia, chikuchokera m'maiko amene sanalole alimi awo kulima chimanga cha GMO. Ngakhale maapozi ndi malalanje a ku South Africa si a GMO, chifukwa mbewu za GMO zimene dzikolo limalima ndi chimanga, soya ndi thonje.

Mbewu ya GMO imene alimi wamba analoledwa kulima m'Malawi ndi thonje la Bt. Linayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013 ndipo alimi anayamba kulibzala mu 2019. Khobwe wolimbana ndi mbozi, nthochi yolimbana ndi chisaka, komanso chimanga cholimbana ndi mbozi zimene zakhala zikusautsa alimi kuyambira 2017, zakhala zikuyesedwa m'minda yotchingidwa ya kafukufuku. Kuyesa n'kosiyana ndi kutulutsa mbewu kwa alimi, ndipo zokolola za m'minda yoyeserayo siziloledwa kupita kumsika.

Kukula kwa chipatso, kuwala kwake, kusowa njere kapena kuchedwa kuola sikungakuuzeni kanthu. Ndi maso simungasiyanitse chimanga cha Bt ndi chimanga wamba.

Nanga m'masitolo akuluakulu?

Uko ndiye kuli zoyenera kuwerenga. South Africa inayamba kulima chimanga cha GMO kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero chimanga choposa 80 peresenti cha dzikolo ndi cha GMO, pamodzi ndi pafupifupi soya yense. Choncho makonifuleki, phala la m'mapaketi, mabisiketi, supu wa ufa ndi zakudya zina zochokera kumeneko zimene muli chimanga kapena soya, zambiri zili ndi GMO. Tembenuzani paketi, yang'anani pamene alemba zosakaniza. Mukapeza mawu akuti "contains genetically modified ingredients" ndiye kuti muli GMO. Akalemba kuti "may contain genetically modified ingredients" akutanthauza kuti mwina ilimo koma sanathe kutsimikiza.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Mawu akuti "modified starch" sanena za GMO. Amanena za sitachi amene wakonzedwa kufakitale kuti azilimbitsa msuzi kapena yogati. Chizindikiro cha zakudya zowonjezeredwa mavitamini chimene chimapezeka pa shuga, mafuta ophikira ndi ufa wa m'mapaketi nachonso sichikhudzana ndi GMO m'pang'ono pomwe. Palinso uthenga umene umazungulira woti kapepala kakang'ono ka pa chipatso kakayamba ndi nambala 8 ndiye kuti ndi GMO. Nambala imeneyo inasungidwadi kuti igwire ntchito imeneyo kalelo, koma ogulitsa sanaigwiritse ntchito, choncho musatayirepo nthawi.

Malamulo amati chiyani pa kulemba papaketi?

Dziko lililonse linaika muyezo wake, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Maiko a European Union amafuna kuti chakudya chilembedwe ngati GMO yapitirira 0.9 peresenti ya chosakaniza chilichonse, ndipo amalemba ngakhale mafuta oyengedwa amene DNA yake singapezekenso poyeza. Kenya inaika 1 peresenti. South Africa, kudzera m'lamulo lake loteteza ogula la 2008 ndi ndondomeko za 2011, inaika 5 peresenti. America inakhala zaka zambiri isakukakamiza kulemba, mpaka pa 1 January 2022 pamene lamulo lake linayamba kugwira ntchito mokakamiza. Kumeneko amalemba kuti "bioengineered", ndipo pamene lamulolo linkayamba mu 2022 kampani inkaloledwa kungoika kachizindikiro kojambula ndi foni m'malo mwa mawu, pomwe mafuta ndi shuga woyengedwa kwambiri sizinkalembedwa.

Kuno kwathu tili ndi Biosafety Act ya 2002, ndondomeko zake za 2007, ndi mfundo za boma za 2008 zokhudza luso limeneli. Lamuloli limaletsa kulowetsa, kuyesa kapena kugulitsa zinthu za GMO popanda chilolezo, ndipo limanenanso kuti zinthu zotere zizidziwika pa zimene zaikidwamo. Malawi Bureau of Standards ili ndi muyezo wa zolembedwa pa zakudya za m'mapaketi: dzina la chakudya, zosakaniza, wopanga, tsiku lothera mphamvu. Koma tinene zoona, mawu a GMO amene wogula wa ku Mzuzu amawaona papaketi nthawi zambiri amakhalapo chifukwa lamulo la ku South Africa linakakamiza wopangayo, osati chifukwa wina anaimitsa katunduyo pa Mwanza kapena pa Dedza n'kumuyeza. Tikudalira lamulo la eni ake, ndipo muyezo wawo wa 5 peresenti ndi wotayirira poyerekeza ndi wa ku Ulaya.

Mawuwonso amalembedwa m'Chingelezi, m'tizilembo ting'onoting'ono. Mayi wa ku Mchengautuwa amene akugulira mwana phala sangawapeze pokhapokha wina atamuuza pamene ali.

Koma chakudya chathu chambiri sitigula m'mapaketi. Lebulo itithandiza chiyani?

Funso limeneli ndi limene amene amakambirana za malamulowa m'mahotela sakonda kuliyankha. Chimanga timagula pa ndowa kapena pa thumba, n'kupita nacho kuchigayo cha ku Chibavi kapena ku Luwinga. Mafuta ambiri amagulidwa m'timapepala tomanga kapena m'mabotolo opungulira. Ufa, soya, nyemba, zonse n'zoyezera. Pa ndowa palibe pomata lebulo, ndipo wogulitsa amene anapikula chimangacho ku Mzimba kuchokera kwa alimi khumi sangalumbire za mbewu imene aliyense anabzala.

Ndiye ngati tsiku lina chimanga cha GMO chidzaloledwa kulimidwa kuno, lamulo la lebulo lidzateteza ufulu wa ogula m'masitolo okha. Enafe chitetezo chathu chidzakhala pamalo awiri: pamene akuvomereza mbewuyo isanafike kwa mlimi, ndi pazipata zolowera m'dziko. N'chifukwa chake kwa munthu wa ku Zolozolo, funso loti "ndani anayeza ndipo anapeza chiyani" ndi lolemera kuposa loti "alemba chiyani papaketi".

Ndani amavomereza kuti mbewu kapena chakudya cha GMO chilowe?

Udindo uli m'manja mwa unduna woona za chilengedwe. Pempho limapita ku ofesi ya mlembi woona za nkhani zimenezi, n'kukaunikidwa ndi komiti ya akatswiri yotchedwa National Biosafety Regulatory Committee, imene imalangiza nduna. National Commission for Science and Technology imayang'anira mbali ya kafukufuku, ndipo mbewu isanatulutsidwe kwa alimi imadutsanso m'manja mwa unduna wa zaulimi monga mbewu ina iliyonse yatsopano. Njira yake imayamba ndi munda umodzi wotchingidwa, kenako minda ya m'madera osiyanasiyana, pomaliza chilolezo chogulitsa. Thonje linatenga zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi kudutsa m'njira imeneyi.

Malawi alinso m'pangano la Cartagena la m'chaka cha 2000, limene limapatsa dziko ufulu wodziwitsidwa ndi kuvomera kapena kukana mbewu yamoyo ya GMO isanalowe kudzabzalidwa.

Papepala dongosolo lilipo. Pamene pamavuta ndi pa zipangizo ndi anthu. Kuyeza GMO kumafuna timapepala toyezera msangamsanga kapena makina oyezera DNA otchedwa PCR mu labotale, ndipo zonsezi zimadya ndalama. Komanso malire athu ndi aatali, ndipo aliyense wa kumpoto kuno akudziwa kuti si katundu yense amene amadzera pachipata.

Amayeza chiyani kuti anene kuti chakudyacho n'chabwino?

Maiko ambiri amatsatira ndondomeko imene bungwe la Codex Alimentarius, la nthambi za United Nations zoona za chakudya (FAO) ndi zaumoyo (WHO), linakhazikitsa mu 2003. Amayerekeza mbewu ya GMO ndi inzake wamba pa mapuloteni, mafuta, mavitamini ndi poizoni wachilengedwe amene mbewu zina zimakhala naye kale. Kenako amaunika puloteni yatsopanoyo: kodi ikufanana ndi zimene zimadziwika kuti zimayambitsa ziwengo, imagayika msanga m'mimba, nanga nyama zikaidya yambiri zimatani? Puloteni ya Bt imagwira ntchito m'matumbo a mbozi chifukwa muli malo amene imakakamira, ndipo matumbo a munthu alibe malo amenewo. M'mimba mwathu imagayidwa ngati puloteni ina iliyonse. Alimi osagwiritsa ntchito mankhwala a kufakitale akhala akupopera Bt yemweyo pa masamba kwa zaka zambiri.

Pali nkhani ziwiri zosonyeza mphamvu ndi kufooka kwa dongosololi. M'zaka za m'ma 1990 kampani ina inaika DNA ya mtedza wa ku Brazil mu soya. Poyeza anapeza kuti soyayo akhoza kuwenga anthu amene mtedzawo umawawenga, ndipo ntchitoyo inathera pomwepo asanafike pamsika. Koma mu 2000 chimanga cha StarLink, chimene ku America chinaloledwa kudyetsa ziweto zokha, chinapezeka m'zakudya za anthu ndipo katundu wambiri anachotsedwa m'masitolo. Sipanapezeke umboni woti chinadwalitsa munthu, koma chinaonetsa kuti chimanga chikalowa m'magalimoto ndi m'nkhokwe, kuchilekanitsa n'kovuta ngakhale m'dziko lolemera.

Dandaulo loti zambiri zimene oyang'anira amaunika zimaperekedwa ndi kampani yomwe ikupempha chilolezo ndi lomveka, ndipo si la anthu osadziwa. N'chifukwa chake kafukufuku wa ku Bunda, ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Lunyangwa kuno ayenera kukhala ndi ndalama zakezake, ndipo zotsatira zake ziziikidwa poyera m'chilankhulo chimene mlimi angamve.

Tinamva kuti zimayambitsa khansa ndi kusabereka. N'zoona?

Pa zakudya za GMO zimene zinavomerezedwa ndipo zili pamsika, umboni wotero palibe. WHO imanena kuti zakudya zimenezi zinadutsa m'kuunika ndipo sizinaonetse vuto pa thanzi la anthu m'maiko amene zinaloledwa. Mu 2016 bungwe la National Academies of Sciences la ku America linaunika kafukufuku wambirimbiri, n'kuyerekezanso matenda a ku North America, kumene adya GMO kuyambira 1996, ndi a ku Western Europe kumene sadya kwenikweni. Silinapeze kusiyana kolozera ku GMO. Anzathu a ku South Africa akudya nsima ya chimanga choyera cha GMO kwa zaka zoposa 20, ndipo ana akubadwa.

Zithunzi za makoswe a zotupa zimene zimazungulirabe pa Facebook zinachokera ku kafukufuku wa Gilles-Éric Séralini wa 2012. Magazini imene inamusindikiza inamuchotsa mu 2013 chifukwa makoswe anali ochepa kwambiri pagulu lililonse, ndipo mtundu wa makoswewo umatuluka zotupa pawokha ukamakalamba.

Nkhani ya glyphosate ndi yapayokha. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika mankhwalawa m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, pomwe mabungwe oyang'anira mankhwala ku Ulaya ndi ku America anati pa mlingo umene anthu amakumana nawo chiopsezocho palibe. Mkanganowo sunathe. Koma mankhwala ophera udzu akupoperedwa kale m'minda ya ku Mzimba ndi ku Rumphi popanda GMO iliyonse, nthawi zambiri ndi munthu wovala kabudula ndi patapata. Amene ali pachiopsezo chenicheni ndi wopoperayo.

Ndipo ngati nkhawa yanu ndi khansa yochokera m'chakudya, yang'anani chuku. Mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimagwidwa ndi nkhungu yotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Izi si za mwina, n'zotsimikizika. Ndi chinyezi cha Mzuzu, kumene mvula imawaza mpaka miyezi imene kwina kwauma, thumba la chimanga losungidwa pansi m'nyumba ndi loopsa kuposa paketi ya makonifuleki.

Ngati n'zosavulaza, kulemba papaketi n'kwa chiyani?

Chifukwa lebulo si chenjezo la poizoni lokha. Papaketi amalemba dziko limene chakudya chachokera, amalemba kuti ndi halaal, ndipo palibe amene amati zimenezo zikutanthauza ngozi. Wina safuna GMO chifukwa cha chikhulupiriro, wina chifukwa safuna kuti mbewu zikhale m'manja mwa makampani ochepa akunja, wina angofuna kudziwa. Ndalama ndi yake. Consumer Protection Act ya 2003 imazindikira ufulu wa wogula wouzidwa zoona za katundu.

Otsutsa amati kulemba kumakweza mtengo chifukwa cha kuyeza ndi kulekanitsa katundu, ndiponso kumachititsa anthu mantha pachabe. Mfundo ya mtengoyo ili ndi mutu, makamaka kwa makampani ang'onoang'ono a kuno. Ya manthayo ndi yofooka. Chimene chimakulitsa mphekesera m'minibasi ndi kumva kuti zinthu zikubisidwa.

Zinatha bwanji pa njala ya 2002?

Chimanga cha thandizo chochokera ku America chinali ndi GMO. Zambia, motsogozedwa ndi Levy Mwanawasa, inachikana. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anachilandira koma anafuna kuti chigayidwe, kuopa kuti anthu angachibzale. Nkhawa yaikulu inali ya m'munda ndi ya misika ya kunja, osati ya m'mimba yokha. Lamulo lathu la 2002 linabadwa m'nyengo yomweyo.

Chimanga cha makolo sichidzaonongeka chikadzabwera cha GMO?

Chimanga chimakwatirana ndi mungu wouluka ndi mphepo, ndipo minda yathu ndi yogundana, yolekanitsidwa ndi mzere umodzi kapena kanjira. Mungu wa GMO udzafika ndithu m'munda wa mnansi, monga mmene wa haibulidi umafikira kale. Mbewu ya makoloyo siifa, imamerabe, koma amene akufuna kuisunga yosasakanizika adzavutika. Mbewu zosamera kachiwiri zimene anthu amazitchula kuti terminator sizinagulitsidwepo kulikonse, ndipo maiko anagwirizana zoziimitsa mu 2000. Chimene chimamanga mlimi ndi mtengo wa mbewu ndi mgwirizano woletsa kusunga, osati kusamera.

Luso limeneli nalonso lili ndi malire. Ku South Africa kapuchi anayamba kupirira chimanga cha Bt pofika 2007. Burkina Faso inasiya thonje la Bt mu 2016 chifukwa ulusi wake unafupika ndipo mtengo unatsika pamsika wa kunja.

Mafuta a njere za thonje, nkhuku ndi mazira?

Njere za thonje zimayengedwa mafuta ndipo zotsalira zake zimadyetsedwa ziweto, choncho thonje la Bt likhoza kufika kukhitchini mwa njira imeneyi. M'mafuta oyengedwa bwino simutsala puloteni kapena DNA yoti n'kuyezeka. Nyama, mkaka ndi mazira a ziweto zodya GMO sizisanduka GMO, ndipo ngakhale ku European Union, kumene malamulo ndi okhwima, sizilembedwa.

Ndikakayikira katundu ndipite kuti?

Sungani paketiyo ndi lisiti, jambulani mbali imene pali zosakaniza, tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu la katunduyo. Malawi Bureau of Standards ili ndi ofesi mu Mzuzu ndipo ndi imene imaona za zolembedwa pamapaketi. Madandaulo a kunamizidwa pogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo bungwe la Consumers Association of Malawi limalandiranso nkhani za ogula. Ngati ndi mbewu yobzala imene wina akugulitsa mobisa n'kumati ndi ya GMO yochokera ku Joni, uzani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaulimi ya Mzuzu ADD. Mbewu yotero ikakhala yeniyeni ndiye kuti yalowa mozemba, ikakhala yabodza ndiye kuti ndi chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto, ndipo pawiri ponsepo musaigule.